Ziwiya za ku Japan zimene agogo anabwera nazo: anajambula ndani?

*Funso: Agogo anga aamuna anagwira ntchito yophika m'nyumba ya azungu ku Salisbury (Harare wa lero) kwa zaka zambiri, ndipo pobwerera kumudzi anabwera ndi ziwiya zosweka zimene mpaka lero zili m'kabati kwathu. Pali seti ya tiyi yokhala ndi chinjoka chotukuka pathupi pake. Makapu ake ndi opyapyala moti ukawapenyetsa kudzuwa pansi pake pamaoneka nkhope ya mkazi, ndipo kunsi analemba Made in Japan. Pali kambale kamaluwa kolembedwa Hand Painted Nippon, kokhala ndi chilembo M pakati pa nkhata ya masamba. Chachitatu ndi chimbale chachikulu cha buluu, kufiira ndi golide, chopanda dzina lililonse. Achimwene akuti tigulitse seti ya tiyiyo chifukwa ndiyo yodula. Kodi zinthuzi n'zakale bwanji, anazipanga ndani, ndipo n'zoona kuti anazijambula pamanja? — Mayi wina wa ku Ntcheu*

Mayi, auzeni achimwene anu adekhe kaye. Malinga ndi mmene mwafotokozera, seti ya chinjokayo ndiyo yaing'ono pa msinkhu, ndipo pa mtengonso ndiyo ya kumapeto. Kambale ka Nippon kakhoza kukhala kachiwiri. Chimbale chopanda dzinacho, chimene ndikuganiza kuti chimangokhala kunsi kwa kabati mutasanjikapo zina, ndicho ndingayambe kuchitembenuza nditafika kwanu. Ambiri amene amandibweretsera ziwiya zotere amayamba kundionetsa chidindo, ngati kuti chidindo ndi chiphaso chobadwira cha mbale. Pa ziwiya za ku Japan chidindo nthawi zambiri chimangonena msika umene katunduyo ankapita, osati munthu amene anagwira burashi.

Tiyambe ndi dothi lenilenilo. Amene anaonapo amayi akuumba mphika amadziwa kuti mtapo amaukumba kudambo, kuuponda, kuumba, kuyanika pamthunzi, kenako n'kuotcha pabwalo ndi nkhuni. Mphikawo ukaugogoda umalira mogontha, ndipo madzi amalowerera m'thupi mwake, n'chifukwa chake mtsuko umaziziritsa madzi akumwa. Zimene muli nazo inuzi, zimene ogulitsa amazitchula kuti porcelain, zimachokera kuphiri. Ndi mwala woyera wosinjidwa mpaka kusanduka ufa, wosefedwa m'madzi kangapo, woumbidwa, n'kuotchedwa mu uvuni wotentha pafupifupi madigiri 1,300, moto umene umasungunula mwalawo kukhala ngati galasi. N'chifukwa chake kapu yanu imaonekera kudzuwa, ndipo mukaigogoda ndi chikhadabo imati ngwee ngati belu. Ikalira mogontha, dziwani kuti pena pake ili ndi mng'alu ngakhale maso sakuuona.

Utoto amaupaka kawiri, ndipo izi muzigwire bwino chifukwa ndizo zidzakuthandizani poyang'ana chimbale chija. Wa buluu amaujambula mbale isanapakidwe madzi agalasi aja onyezimira, choncho umapsera pamodzi ndi mbale ndipo umakhala mkati mwa galasi, sufufutika. Wofiira, wobiriwira, wachikasu ndi golide sangapirire moto waukuluwo. Amenewa amawajambula pamwamba pa galasi mbale itapsa kale, n'kuibwezera mu uvuni waung'ono wa madigiri ozungulira 800. Yendetsani chala pa chimbale chanu mutatsinzina. Pa buluu chala chidzangoterereka. Pofiira mudzamva kukhakhala pang'ono, ndipo golide mudzapeza kuti anatha m'malo amene manja ndi nsalu zinkakhudza kawirikawiri.

Anthu a ku Japan anachedwa kuphunzira ntchito imeneyi. A ku China anali ataidziwa kwa zaka mazana ambiri, a ku Korea nawonso. Pakati pa 1592 ndi 1598 mtsogoleri wa Japan, Toyotomi Hideyoshi, anatumiza asilikali kukathira nkhondo Korea, ndipo pobwerera mafumu ena anatenga amisiri oumba n'kukawakhazika m'madera awo pachilumba cha Kyushu. Mmodzi mwa amisiriwo anali Yi Sam-pyeong, amene ku Japan amamutcha Ri Sanpei. Mbiri imene amakamba kumeneko imati mu 1616 iye anapeza mwala woyera paphiri la Izumiyama, pafupi ndi Arita, m'dera limene lero ndi Saga. Phirilo analikumba kwa zaka mazana moti lero pangotsala chidzenje chachikulu. Mwala ankausinja ndi misi ikuluikulu yoyendetsedwa ndi madzi a mumtsinje: madzi akadzaza chotengera cha mbali imodzi, mtengowo umapendekeka, madzi n'kukhuthuka, munsi n'kugwera mumtondo. Usana ndi usiku, popanda wosinja. Ku Arita kuli kachisi wa Tozan amene chipata chake ndi cha porcelain wa buluu ndi zoyera, ndipo pamwamba pa phiri lake pali chipilala chokumbukira mmisiri wa ku Korea uja.

Dzina lakuti Imari, limene ndi la mtundu wa chimbale chanu, si la fakitale kapena munthu. Imari ndi doko loyandikana ndi Arita kumene katunduyo ankakwezedwa m'zombo, ndiye ogula anazolowera kutchula mbalezo ndi dzina la doko.

Chimene chinatsegulira Arita msika wa kunja chinali chipwirikiti cha ku China. Ufumu wa Ming utagwa mu 1644, nkhondo inasokoneza mauvuni a ku Jingdezhen, kumene dziko lonse linkagula mbale zotere, ndipo olamulira atsopano anatseka malonda a panyanja mpaka 1684. Kampani ya Adatchi yotchedwa VOC, imene yokha mwa Azungu onse inkaloledwa kuchita malonda ku Japan kuchokera pakachilumba ka Dejima ku Nagasaki, inasowa katundu. Mu 1659 inaitanitsa ku Arita ziwiya zikwi makumimakumi nthawi imodzi, ndipo kuyambira pamenepo zombo zinkanyamula katundu wa Arita kupita ku Batavia (Jakarta wa lero) mpaka ku Amsterdam. Zombozo zinkaima ku Cape, kumene kampaniyo inakhazikitsa siteshoni yake mu 1652. Choncho mbale za buluu za ku Arita zolembedwa zilembo VOC pakati zinkagwiritsidwa ntchito patebulo la akuluakulu a kampani ku Cape Town, ndipo mpaka lero zimapezeka m'nyumba zosungiramo zakale za kumeneko. Ndiye kuti mbale za ku Japan zinafika kumwera kwa Africa zaka zoposa 300 zapitazo, kale kwambiri agogo anu asanaone Salisbury.

Mwandifunsa amene anazipanga. Pa nthawi imeneyo mayina amene tingatchule ndi ochepa, ndipo ndi a mabanja. Lodziwika koposa ndi la Sakaida Kakiemon, amene amatamandidwa kuti ndiye anayamba kukhoza kupaka utoto wa pamwamba pa galasi cha m'ma 1640. Dzina lakuti Kakiemon amati linachokera ku chipatso cha kaki, chimene chikapsa chimafiira motsamira ku lalanje, mtundu umene iye ankaufunafuna. Ine pa zonse za ku Japan ndimakonda zimenezi. Thupi la mbale ndi loyera ngati mkaka, amalitcha nigoshide, ndipo wojambula amangoika zinziri ziwiri pansi pa ngala za mapira mbali imodzi, kwinako n'kusiya poyera. Pamafunika kulimba mtima kuti usiye theka la mbale lopanda kanthu pamene wogula akulipira utoto. Mafumu a ku Ulaya anapenga nazo. Augustus wa ku Saxony anadzaza nyumba yachifumu ku Dresden ndi ziwiya za ku China ndi ku Japan, ndipo fakitale yake ya Meissen inkakopera zinziri zomwezo; a Chantilly ku France ndi a Chelsea ku England anateronso. Banja la Kakiemon likadalipo ku Arita, ndipo amene akutsogolera pano ndi wa nambala 15 kutenga dzinalo. Koma ziwiya zakale za mtundu umenewu kawirikawiri zilibe siginecha. Mukaona mbale yolembedwa dzina la Kakiemon mooneka bwino kunsi, ganizirani za zaka zaposachedwa.

Panalinso mbale za Nabeshima, zimene sizinkagulitsidwa n'komwe. Banja lachifumu la Nabeshima linali ndi uvuni wakewake m'chigwa cha Okawachiyama, pakati pa mapiri, pakhomo pali alonda kuti luso lisatuluke, ndipo zimene ankapanga zinali mphatso zopita kwa shogun, mkulu wa asilikali amene ankalamulira dziko lonselo, ndi mafumu ena. Zimadziwika ndi phazi lalitali lokhala ndi mizere ya buluu yonga mano a chipeso. Zoterezi sizipezeka m'kabati mwa munthu wamba, ndangozitchula kuti wina asadzakunamizeni.

Kupatula mabanja ochepawa, ntchito ya ku Arita inali yogawana. Wina kuphwanya mwala, wina kusefa, wina pagudumu loumbira, wina kujambula mizere yokha ndi burashi yopyapyala, wina kudzaza buluu mkati mwa mizereyo ndi chiburashi chonenepa chimene amachifinya ndi zala kuti utoto uziyenderera, wina kusonkha moto. Mbale ikapsa inkapita kudera lina la tauniyo lotchedwa Akaemachi, kumene mabanja ololedwa okha ndi amene ankapaka kufiira ndi golide. Boma la m'deralo linkakonda dongosolo limeneli chifukwa panalibe munthu mmodzi wodziwa zonse amene akanathawa nalo luso. Ndiye mukandifunsa amene anajambula chimbale chanu, yankho loona n'lakuti anali anthu angapo, ndipo palibe analembapo dzina.

Tsono chimbalecho. Buluu, kufiira ndi golide pamodzi ndiwo maonekedwe amene Azungu amawatcha Imari, ndipo anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Malonda a kunja aja anazilala m'ma 1750, a ku China atabwerera pamsika n'kuyamba kukopera Imari pamtengo wotsika. Anadzukanso dziko la Japan litatsegukira malonda ndi mayiko ena, makamaka mu ulamuliro wa Meiji, kuyambira 1868 mpaka 1912. Pa nthawi imeneyo mbale zikuluzikulu za m'mphepete mokhotakhota ngati chigoba cha nkhono ya m'nyanja, zokhala ndi dengu la maluwa pakati, zinapita ku Britain zambirimbiri, ndipo mabanja opita kukagwira ntchito ku Rhodesia ndi ku Nyasaland ankanyamula zoterezi m'mabokosi awo. Pa mbale khumi za Imari zimene anthu amandionetsa, pafupifupi zonse zimakhala za nthawi ya Meiji kapena kuchedwerapo pang'ono. Ndikuganiza kuti chanunso n'chimodzimodzi, ndipo zikatero chapitirira zaka 100, msinkhu umene ogulitsa amavomereza kuti chinthu ndi chakale ndithu.

Chitembenuzeni pa bulangeti. Yang'anani kaye mkombero umene mbale imakhalira, pamene palibe galasi. Dothi la pamenepo liyenera kukhala loyera kapena lotuwa pang'ono, losalala chifukwa chokhulana ndi matebulo, mwina lokhala ndi kamzere kofiirira pamalire a galasi. Kenako pakati penipeni pa kunsiko funani timadontho tokhakhala, titatu, tinayi kapena tisanu, tonga tizipsera ta nthomba. Oumba a ku Arita ankachirikiza mbale zazikulu ndi timisomali tadothi kuti pakati pasagwe moto ukafika pachimake, ndipo mbale ikapsa ankatithyola. A ku China sankachita zimenezi kawirikawiri, choncho tizipserato ndi umboni wabwino wakuti mbale ndi ya ku Japan. Sitinena chaka, chifukwa timapezeka pa zakale kwambiri ndi za Meiji zomwe.

Chaka chimaoneka bwino pa buluu. Amisiri akale ankagwiritsa ntchito utoto wa mwala wachilengedwe umene amautcha gosu, ndipo buluu wake ndi wofatsa, wotuwirako, pena wakuderako. Cha m'ma 1870 kunafika utoto wa cobalt wopangidwa m'mafakitale a ku Ulaya, ndipo katswiri wa ku Germany, Gottfried Wagener, amene anafika ku Arita mu 1870, anathandiza kuufalitsa. Umenewu ndi wowala mopyoza maso, wonga inki ya bolopeni, ndipo unali wotchipa. Nthawi yomweyonso anayamba kufulumizitsa ntchito ndi mapepala obooleza: kuika pepala pambale, kupaka utoto pamwamba, chithunzi n'kutsala. Mudzazindikira zimenezi chifukwa mizere yake ndi yodukaduka ngati msoko wa singano, popeza pepala likanaduka akanaboola mzere wathunthu, ndipo pena mudzapeza pamene mapepala awiri anakumana molakwika. Mzere wa burashi umayamba monenepa, kuonda pakati, n'kusiya kadziwe ka utoto pamene dzanja linaima. Mbale zambiri za Meiji ndi zosakaniza: buluu wa pepala, kufiira ndi golide za pamanja. Zimenezo si chinyengo, ndi mmene ankagwirira ntchito.

Mukapezako zilembo za Chitchaina kunsi kwa mbale ina ya mtundu umenewu, musathamangire kunena kuti ndi ya ku China. Oumba a ku Arita ankakonda kulemba dzina la ufumu wa Ming, makamaka la mfumu Chenghua amene analamulira m'ma 1400, kapena chilembo chimodzi chotchedwa fuku, kutanthauza mwayi, m'kabokosi. Kunali kukongoletsa chabe ndi kulemekeza kumene luso linachokera.

Kambale ka Nippon kali ndi nkhani yosavuta kulondola, chifukwa kumbuyo kwake kuli lamulo la msonkho. Mu 1890 dziko la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa McKinley Tariff, limene linafuna kuti kuyambira 1891 katundu aliyense wolowa m'dzikolo alembedwe dziko lochokera. A ku Japan ankalemba Nippon, dzina limene iwo eni amatchulira dziko lawo. Mu 1921 akuluakulu a kasitomu ku America ananena kuti liwulo si Chingelezi, azilemba Japan. Choncho chidindo chenicheni cha Hand Painted Nippon chimaika chiwiya pakati pa 1891 ndi 1921. Chilembo M chikuimira banja la Morimura. Abale awiri, Ichizaemon ndi Toyo Morimura, anayambitsa kampani yotumiza katundu kunja mu 1876, wina ku Tokyo wina ku New York. Poyamba ankagula mbale zoyera kwa oumba a ku Seto n'kuzipereka kwa ojambula a m'mizinda yosiyanasiyana, kenako anasonkhanitsa ojambulawo ku Nagoya. Mu 1904 anamanga fakitale yawo m'mudzi wa Noritake pafupi ndi Nagoya, pansi pa dzina lakuti Nippon Toki, ndipo dzina la mudziwo ndi limene lero dziko lonse limalidziwa. Chidindo cha M pakati pa nkhata chinayamba cha mu 1911, ndiye kambale kanu, ngati ndi kenikeni, kali pakati pa chaka chimenecho ndi 1921.

Kodi kanajambulidwa pamanja? Eya, koma chotsani m'maganizo chithunzi cha nkhalamba yokhala yokha pamkeka ikulingalira duwa. Zojambulazo ankazikonza ku ofesi ya ku New York malinga ndi zimene amayi a ku America ankakonda, maluwa a rozi, nyanja dzuwa likulowa, golide wambiri m'mphepete, n'kutumiza mabuku a zitsanzo ku Nagoya. Kumeneko anthu ankakhala m'mizere, wina masamba, wina maluwa, wina kamzere ka golide, tsiku lonse. Kawirikawiri mizere ya kunja inkadindidwa, manja n'kudzaza mitundu. Ena mwa iwo anali aluso kwambiri, ndipo mbale yabwino ya Nippon imaonetsa: rozi limakhala ndi mbali yowala ndi ya mthunzi, utoto wina kulowerera mwa unzake popanda malire. Tengani foni, yandikitsani kamera paduwa n'kukulitsa chithunzi. Mukaona tinjira ta ubweya wa burashi, ndi dzanja. Mukaona timadontho tating'onoting'ono tondandalikana mofanana ngati chithunzi cha m'nyuzipepala, chimenecho ndi chomata chodindidwa pamakina, kaya kunsi alemba chiyani. Njira ina ndiyo kufananitsa maluwa awiri amene akuyenera kufanana. Dzanja silibwereza ndendende.

Ndanena kuti ngati ndi kenikeni chifukwa zidindo za Nippon anthu anazikopera kwambiri osonkhanitsa zakale atayamba kuzilipira bwino, makamaka kuyambira m'ma 1980. Ine ndemwe zinandigwera ndikuyamba kumene ntchitoyi. Ndinagula pa okushoni ina kamtsuko ka maluwa ka golide wonyezimira, ndinangoona nkhata ndi liwu lakuti Nippon, mtima n'kukhala m'malo. Nditafika kunyumba ndi pamene ndinaona kuti pakati pa nkhata panalibe M, panali kachithunzi konga timabotolo tiwiri tolumikizana pakamwa, ndipo nkhatayo inali chadodolido, potseguka pali pansi. Pa chenicheni nkhata imatseguka kumwamba, mapesi ake amakumana kunsi. Kamtsukoko kanali kolemera ngati njerwa, golide wake wachikasu ngati wa pa pepala la switi, mkombero wa kunsi wokhakhala wosakhulidwa n'komwe. Zonsezi manja anga anazimva pa okushoni pomwepo, koma maso anali pa chidindo. Kanu kali ndi mboni imene kanga kanalibe: kakhala m'banja mwanu kuyambira kale zokoperazo zisanayambe. Chenjezo lina laling'ono n'lakuti mawu akuti Nippon Toki Kaisha, amene ndi dzina la kampani, amapezeka pa mbale za Noritake za zaka zambiri pambuyo pa 1921, ndiye liwu lakuti Nippon lili m'dzina limenelo silinena msinkhu.

Tifike pa seti ya achimwene. Chinjoka chotukukacho amachipanga pofinyira dothi lamadzimadzi pathupi la kapu kudzera m'kachubu, monga mmene amalembera dzina pa keke ya ukwati, ndipo njirayo amaitcha moriage. Nkhope ya mkaziyo si utoto. Chikombole chimene anaumbiramo kapu chinali ndi nkhopeyo, choncho dothi la pansi pa kapu ndi lochindikala pena, lopyapyala pena. Kuwala kukadutsa, popyapyala pamawala, pochindikala pamada, nkhope n'kuoneka. Ndi nzeru yokoma, ndipo ana amaikonda. Koma maseti otere anapangidwa ochuluka zedi, makamaka kuyambira m'ma 1930 mpaka m'ma 1950 ndi kupitirira, m'timafakitale tambirimbiri, ndipo ankagulitsidwa kwa amalinyero, asilikali ndi masitolo a mphatso. Mawu akuti Made in Japan pa ziwiya zotere nthawi zambiri amaloza pambuyo pa 1921. Akanalemba Made in Occupied Japan tikanati pakati pa 1947 ndi 1952, dzikolo lili m'manja mwa asilikali a mayiko amene analigonjetsa pa nkhondo yachiwiri. Pa maseti a chinjokawa utoto wa kumbuyo, wotuwa kapena wakuda uja wozilala m'mphepete, ankachita kupopera, ndipo dzanja linkagwira ntchito pa chinjoka, maso ake ndi golide. Pa intaneti mudzaona ena akuitanira mitengo yokwera, koma kuitanira ndi kwina, kugulitsa ndi kwina. Ndalama ya seti yotere singagule malata a nyumba, ndipo kapu imodzi ikasowa kapena mlomo wa tiipoti ukabenthuka, mtengo umagweratu.

Maseti ena otere amakhala ndi zilembo ziwiri zofiira zowerengedwa Kutani. Kutani ndi dera la ku Ishikawa, kugombe la kumadzulo kwa chilumba chachikulu cha Honshu, kumene anayamba kuumba cha mu 1655. Zakale zake ndi za mitundu yolimba, wobiriwira, wachikasu, pepo, buluu wakuda ndi wofiira, zopakidwa mochindikala. Mauvuni oyambawo anazima patapita zaka makumi angapo, ntchito n'kudzukanso m'ma 1800, ndipo m'nthawi ya Meiji wojambula Kutani Shoza anatchukitsa mtundu wa utoto wosiyanasiyana ndi golide umene unapita kunja wambiri. Dzinalo ndi la dera lonse, aliyense wa kumeneko ankalilemba, abwino ndi ongothamanga omwe. Chimodzimodzi Satsuma, amene anthu amasokoneza ndi porcelain: iye thupi lake ndi lachikasu ngati minyanga, galasi lake lili ndi ming'alu yosawerengeka yonga ukonde, saonekera kudzuwa ndipo salira ngati belu. Zambiri zotchedwa Satsuma sizinaone n'komwe dera la Satsuma, zinajambulidwa ku Kyoto, Osaka ndi Yokohama.

M'nthawi ya Meiji imeneyi ndi mmene mayina a anthu anayamba kulembedwa kwambiri kunsi moti n'kuwakhulupirira, chifukwa boma linkatumiza ziwiya ku zionetsero zazikulu, monga cha ku Vienna mu 1873, ndipo mamendulo ankapita kwa munthu kapena kampani. Ku Arita kunabadwa Koransha mu 1875, ya banja la Fukagawa, yokhala ndi chidindo cha duwa la orchid, kenako mu 1894 Fukagawa Seiji, imene chidindo chake ndi phiri la Fuji ndi mtsinje. Ku Yokohama kunali Miyagawa Kozan, wodziwikanso kuti Makuzu Kozan, amene mu 1896 anasankhidwa kukhala mmisiri wa nyumba ya mfumu. Pa Satsuma mayina olemera ndi Kinkozan wa ku Kyoto ndi Yabu Meizan wa ku Osaka, amene ankajambula anthu mazana pa kabakuli kokwana m'chikhatho, aliyense ndi nkhope yake. Chiwiya chenicheni cha amenewa ndicho chimakhala ndi mtengo wosintha moyo, ndipo ndicho chimakoperedwanso kwambiri. Ngakhale iwowa anali eni malo ogwirira ntchito okhala ndi ojambula ambiri. Dzina la kunsi ndi la bwana amene anavomereza kuti chituluke.

Kaya mugulitsa kaya musunga, pali zoti musachite. Musatsuke ndi sitiliwulu, phulusa kapena mchenga, golide amachoka tsiku lomwelo ndipo sabwerera. Madzi ofunda, sopo pang'ono, nsalu yofewa, mutayala thawulo pansi pa beseni, chimodzichimodzi. Musazinyike usiku wonse, makamaka chinjokacho, chifukwa timizere take totukuka timathothoka. Kapu musainyamulire pa chogwirira chokha. Utoto wakale wa pamwamba pa galasi nthawi zambiri unali ndi mtovu, choncho chimbale chija musaikemo zowawasa monga malalanje osenda kapena saladi wothira viniga, chikhale chokongoletsa. Ngati chili ndi waya wachitsulo woti chizikoleka pakhoma, muchotseni, amadya m'mphepete. Chikasweka musathamangire guluu wa pagolosale: sungani zidutswa zonse, ngakhale tating'ono, chilichonse m'pepala lakelake. Ndipo lembani pakapepala dzina la agogo, kumene ankagwira ntchito ndi chaka chimene anabwerera, muike m'kabatimo, chifukwa wogula wodziwa amafunsa kumene chinthu chakhala.

Kuti ndinene motsimikiza za chimbale chachikulucho, mundijambulire zithunzi zinayi panja pamthunzi, osayatsa fulashi: kumaso konse, kunsi konse, mkombero wa kunsi chapafupi, ndi malo amodzi a buluu mutayandikitsa kamera mpaka mizere ioneke payokhapayokha. Muyezenso m'mimba mwake ndi tepi ya telala, ndipo mundiuze ngati mwapeza tizipsera tija ndi kuti tilipo tingati.